Matimati a Tumpale

Fungo la masamba a matimati, lija lokanirira m'zala ngakhale usambe ndi sopo, mpaka lero limandibweza ku dimba la amama kufupi ndi Hara. Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa la ku Karonga mukulidziwa, mchenga unkaotcha mpaka nkhuku kumayenda modumphadumpha. Mtsinje unali utauma, madzi tinkachita kukapa ndi chikho pachitsime chokumba mumchenga.

Chaka chimenecho kwathu kunabwera Tumpale, mwana wa malemu amama aang'ono amene anakwatiwa ku Iponga. Anali msinkhu wanga, wofatsa, Chitumbuka chathu ankachimva movutikira. Ukamupatsa kanthu, "Ndaga," zikomo wa kwawo, basi. Amama anatigawira aliyense bedi lake la matimati, n'kunena kuti amene ake abereke bwino ndiye adzawaperekeze kumsika ku Chilumba. Ine Chilumba ndinali ndisanapondeko. Ndinkangomva zoti kuli sitima ya pamadzi, kuli mabanzi, kulinso anyamata oima pachipata kufunsa khadi la chipani. Koma amenewo sindinkawawerengera, mtima unali pa mabanzi.

Tsono taonani. Bedi la Tumpale linali pafupi ndi chitsime, pamthunzi wa nthochi, moyandikana ndi mpiru wa amama. Langa kumapeto kwenikweni, kumpanda wa minga wotchingira ng'ombe. Ine kukwakwaza keni ya madzi mtunda wonsewo, msana uli thapsa ndi thukuta, iye kungotambasula dzanja. Ndikacheuka ndinkaona amama atamugwira mkono kumuonetsa kathiriridwe, akuseka naye. Amama anga ine!

Tsiku lina amama anapita kukayeserera magule a chipani. Kumeneko kunalibe kukana, kaya ndiwo zikufota. Tumpale anamutuma kuchigayo. Ndinalowa m'bedi lake. Kuzula ndinaopa, zikanaonekera. Ndiye ndinayamba kuthyola timphukira tonse tomera m'mphanda mwa nthambi, thyo, thyo, mtengo ndi mtengo. Mumtima ndinkati, tione ubereka pati.

Atabwerako Tumpale anayang'ana bedi lija, n'kuyang'ana zala zanga zobiriwira.

Mmene mitambo ya Novembala inkaunjikana kumapiri, matimati ake anali ngati nkhonya za munthu wamkulu, ofiira psuu. Anga masamba okhaokha, tizipatso ngati maso a mbuzi. Amama anaomba m'manja.

"Iwe Tumpale, kuthena matimati anakuphunzitsa ndani? Tiwonge mwana wanga, tabwera udzaone za mnzako, uzingodya iwe!"

Kani ndinamugwirira ntchito ndi manja angawa! Ndinadikira kuti aulule, ndikwapulidwe zithe. Iye anangoweramitsa mutu.

"Ndinkaonera malemu amama."

Ku Chilumba anapita iyeyo, dengu pamutu, atavala chitenje cha amama chopinda pawiri. Ine ndinatsala kupirikitsa ng'ombe, misozi ili chuchuchu. Banzi limene ananditengera ndinadya, ndisaname, koma nkhope nditalozetsa kumbali.

Nthawi imeneyo ndinkati kamtsikana aka n'kochenjera, kandilanda amama, kadyeranso thukuta langa. Zinadzandilowa nditakula, nditalerako ana a abale m'nyumba mwanga. Mwana wamasiye umamuika pomwe maso ako akufika, ndipo iye sanganeneze mwana wa mwini nyumba, ngakhale atamugwira ndi manja awiri. Tumpale tinakamuika ku Iponga, papita zaka tsopano. Za timphukira tija sitinakambiranepo.