Mwana Wanga Ankaima ndi Mpira

Loweruka lililonse ndinkatseka nyumba m'mawa, n'kukwera njinga yamoto kutsika mapiri athu a ku Ntchisi, ulendo wa ku Dzaleka kukamva anthu akunyoza mwana wanga. Sikuti kunyozako ndinkakukonda ayi. Ndinkapita kukamuona akusewera basiketibo, koma poti nthawi yambiri ankakhala pa benchi, chimene ndinkabwerako nacho ndi mawu a anthu basi, kuphatikiza fumbi la m'tsitsi.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Bambo ake anamwalira mwanayu akadali wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba yathu ya pa sukulu tinkakhalamo awiriwiri. Atalemba mayeso a Fomu 4 anapita kwa amalume ake pa boma la Dowa, ati azikathandiza mu golosale. Kumeneko ndi kumene kochi wa timu ina ya ku Dzaleka anamuona akutsitsa katoni pa shelefu yapamwamba osakwera pa mpando. Mwana wanga ndi wamtali zedi, pakhomo amalowa chowerama. Kochiyo anamufunsa ngati anagwirapo mpira, iye n'kuyankha kuti pang'ono.

Anamulowetsa mu timu, koma anamuuziratu kuti sizoni ikatha asanaonetse kanthu, malo ake apatsa wina. Amalume akenso anali atanena kuti za mpirazi zikakanika abwerere kwawo, chifukwa mu golosalemo ankangoonekamo mwa apo ndi apo. Ndiye nkhani inali pawiri. Akalephera, abwerera kwa ine. Akachita bwino, amutenga a ku Lilongwe, poti matimu a kumeneko ankabwera kudzasankha anyamata pa bwalo lomwelo. Kunena zoona sindinkadziwa choti ndizimupempherera. Ndinkamusowa koopsa. Madzulo ndikaweruka ndinkapezeka ndikuyankhula ndi nkhuku, ndipo ndiwo ndinkaphikabe za anthu awiri, n'kumadya zomwezo mpaka mawa lake.

Ndisanapiteko ulendo woyamba anandiimbira foni.

"Kubwera bwerani, amayi, koma muziima chapatali. Ndipo za ku sukulu kwathu zija musauze munthu."

"Zija ziti?"

"Mukuzidziwa."

Ndinkazidziwadi. Kwathu kumapiri kulibe basiketibo. Kuli mpira wa miyendo wa anyamata, pa bwalo lotsetsereka loti mpira ukautaya umakautola kudimba, ndiye kuli ntchemberembaye, mpira wa manja wa atsikana, umene ndakhala ndikuphunzitsa ine chiyambireni ntchito. Mwanayu ali wamng'ono ndinalibe womusiyira, choncho ndinkapita naye ku bwalo. Atsikana akaperewera ndinkamulowetsa. Anakulira momwemo, ndipo pofika Sitandade 8 panalibe mtsikana womuposa pochinya. Ine pa masewero sindiseka ndi munthu. Mu ntchemberembaye ukawakha mpira, phazi limene watera nalo lisachoke pansi, ndipo mpirawo suyenda nawo. Aliyense wosuntha ndinkamuimbira wezulo n'kukuwa kuti "Phazi!" Mwana wanga ndinkamukuwira koposa onse, kuti anthu asati ndikukondera.

Bwalo la ku Dzaleka ndi la simenti, ndipo mphepo yake ndi yosachita manyazi, imalowa mpaka m'mafupa. Anthu ankadzaza m'mbali monse, ena akuyankhula Chiswahili, ena Chirundi, ena Chichewa, ana akugulitsa chapati m'mabeseni. Ine ndinkaima kumbuyo kwa benchi ina, nditadzifunda chitenje, osadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Pa benchi imeneyo pankakhala anthu awiri amene sankagwirizana pa china chilichonse. Wina anali bambo wachikulire wochokera ku Congo, telala, amene ankabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Winayo anali mnyamata wogwira ntchito mu ofesi ina pa boma, wovala jezi yofika m'mawondo, amene basiketibo ya ku America ankaionera pa foni n'kumaikamba ngati anabadwira komweko.

Mwana wanga akalowa, zinkayenda chonchi. Anzake amuponyera mpira, iye n'kuuwakha bwinobwino, kenako n'kuima nji. Mpira aukweza pamwamba pa mutu, maso akufunafuna woti amupatsire, njira yopita ku golo ili pululu patsogolo pake. Kuunjanjitsa pansi n'kuthamanga nawo, monga amachitira onse mu basiketibo, iye ayi. Akamatchinga mdani, m'malo momukanirira ankabwerera m'mbuyo sitepe imodzi n'kukweza dzanja mwaulemu, mdaniyo n'kuchinya mosavutika. Thabwa la kuseri kwa golo sankaligwiritsa ntchito n'komwe. Koma akamuchitira faulo, n'kumupatsa mpira kuti aponye ataima popanda womusokoneza, sankaphonya.

"Mwamuona mwana mumamutama uja, madala?" ankatero wa jezi uja. "Uwu ndi mzati wa chigafa. Angoutenga akayanikirepo fodya."

"Inu mumaona miyendo basi," telala ankayankha, Chichewa chake cholemera. "Onani dzanja. Mpira umachoka bwino pa zala. Dzanja lotere sugula pa msika."

"Dzanja lopanda miyendo tipite nalo kuti? Kunja uko mwana wa msinkhu uwu amakhala atapsa kale. Uyu wachedwa, madala, mtengo wauma uwu."

"Mpatseni nthawi."

"Nthawi yake iti? Sizoni ikutha iyi!"

Ena ankalowererapo. Wina ankati ndi mantha, mwana wa kumudzi sanazolowere gulu. Wina ankati utali womwewo ndi umene ukumulemera. Mayi wina wogulitsa nthochi ananenetsa kuti mwanayo anachita kumumanga miyendo ndi anthu ansanje akwawo, ndipo apite naye kwa odziwa. Pamenepo ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa womumangayo anali ataima kumbuyo kwawo, akutafuna chinangwa. Ndinkapsa mtima ndi wa jezi uja. Munthu woti mpira sanaugwirepo, mimba ili patsogolo, n'kumatcha mwana wanga mzati! Koma ndinkangomeza. Mpira ukatha mwana wanga ankandipatsa moni mothamanga kuseri kwa magalimoto, ine n'kumupatsa mtedza kapena mbatata zimene ndamutengera, n'kuuyamba ulendo wobwerera dzuwa lisanapendeke.

Pa njinga yamoto munthu suyankhula ndi woyendetsa, mphepo imalanda mawu. Ndinkangoyang'ana minda ya fodya ikudutsa, zigafa, mapiri akuyandikira, mawu a anthu aja akuzungulira m'mutu. Kunyumba kunalibe woti ndimufotokozere. Aphunzitsi anzanga ndikawauza za basiketibo ankangoti, "Kodi ndi ija amaponya m'dengu ija?" n'kubwerera ku nkhani za feteleza.

Sizoni ili pafupi kutha, tsiku lina pakati pa sabata anandiimbira nthawi ya buleki.

"Amayi, kuchipinda kwanga kuja simunaikeko chimanga?"

"Ayi. Bwanji?"

"Mwina ndibwera mwezi wamawa. Akochi akuti ndine wamantha. Akumandiika pakati, anyamata n'kumandikankha kuti ndilimbe mtima, koma palibe chikusintha."

"Bwanji osangowauza?"

"Ndiwauze kuti ndinkasewera ntchemberembaye? Amayi, anyamata aja simukuwadziwa."

Nditaweruka ndinatsegula chipinda chake, ndinasesa, ndinatulutsa matiresi kukayanika padzuwa. Ndinkaimba nyimbo ya kwaya uku ndikukuntha fumbi. Ndinakondwa, sindibisa. Mwana wanga ankabwera kwawo, ndipo ine sindinkafunika kuchita chilichonse koma kungokhala chete masabata awiri atatu.

Loweruka lotsatira analowa chigawo chachiwiri. Anawakha mpira pafupi ndi golo, n'kuima monga mwa masiku onse, kamnyamata kakafupi n'kumutsomphola mpirawo kuchokera kumbuyo. Bwalo lonse linaseka. Kochi anamutulutsa pomwepo. Sanakhale pa benchi, anapita kukakhala pansi kuseri kwa mpanda, atadziphimba thaulo kumutu, mawondo ataliatali aja atafika m'makutu. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti munthu amene ndamuyanikira matiresi uja adzabwera ali chonchi, ndipo adzakhala chonchi pakhonde panga, akuyang'ana msewu.

Mpira utatha ndinapita kwa kochi. Anali bambo wochepa thupi, wa mawu osasa chifukwa chokuwa.

"Pepani bambo, ine ndine mayi wake wa wamtali uja."

Anavula chipewa. Ankaoneka kuti akukonzekera kundipepesa.

"Mwana uja si wamantha," ndinatero. "Anakulira ntchemberembaye. Ndinamuphunzitsa ndine."

Sanamvetse msanga, choncho ndinamupempha mpira. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinamuuza kuti andiponyere, ndinawakha n'kutera, phazi lakumanja n'kumata pansi, mpira pamwamba pa mutu. Kenako ndinamuonetsa mmene timatchingira, kubwerera m'mbuyo kusiya mpata, chifukwa kwathu ukamukhudza mnzako ndi mlandu. Kochi anagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Mayi, miyezi yonseyi! Ine kumayesa mantha, kani mwanayu akumvera malamulo?"

Anthu anali asanabalalike, ndipo mayi wovala chitenje akuwakha mpira pakati pa bwalo sabisika. Nkhani inafika kuseri kwa mpanda ine ndisanafikeko. Mwana wanga ndinamupeza ataimirira, thaulo lili m'manja.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, amayi."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Mbatata zimene ndinamutengera tsiku limenelo ndinabwerera nazo.

Zimene ankaopa zinachitikadi. Sabata yotsatira atangolowa, anyamata a m'mbali anayamba kukuwa kuti, "Ntchembere! Ntchembere yalowa!" Wina anamubweretsera siketi. Wa jezi uja anaseka mpaka kugwa pa benchi, koma atatembenuka n'kundiona anadzigwira pakamwa. Telala anasuntha, n'kugogoda thabwa pambali pake. "Khalani apa, mama. Mwaima mokwanira." Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala pakati pawo, ndipo mkangano unkadutsa pamwamba pa mutu wanga.

Kochi anasintha kaphunzitsidwe. Ndinamva kwa amalume a mwanayo kuti kochiyo anamulamula kuti mpira ukangofika m'manja ayambe waugwetsa pansi asanayang'ane munthu, ndipo kuti pochoka pa boma kupita ku Dzaleka aziyenda akuunjanjitsa m'mbali mwa msewu, dzanja ili kenako ili. Anthu a m'njira ankayesa wazungulira mutu. Sizinasinthe tsiku limodzi. Loweruka lina ankathamanga nawo bwino, lina phazi n'kumatanso pansi ngati wamva wezulo yanga. Wa jezi ankati mbiya ikapsa siumbidwanso kachiwiri, uyu ndi wa ntchembere mpaka kale. Telala ankati ayi, onani mmene akutembenukira pa phazi limodzi, onani mmene akupatsira mnzake mdani asanaone n'komwe, zimenezo anyamata enawa alibe. Ndinkangoona zimene ndinamuphunzitsa zikuchoka m'thupi mwake pang'onopang'ono, ndipo china chilichonse chikachoka anthu ankaomba m'manja.

Pa masewero otsiriza anawakha mpira pakati pa bwalo, anaugwetsa pansi, anadutsa munthu, anadutsa wina, n'kulumpha kuumenyetsa pa thabwa lija, mpira n'kulowa. Ndinaimirira, ndinalulutira mpaka kukhosi kuwawa. Sanayang'ane kumene ndinali. Anzake anamuunjirira, ndipo kumbali kuja kunali abambo awiri achilendo ovala majekete ofanana, akunong'onezana ndi kochi.

Anapita ku Lilongwe mvula isanayambe. Kumapiri kuno anabwera masana amodzi kudzatenga bulangete ndi satifiketi yake, njinga yamoto ikumudikira panja, injini osazimitsa. Anandigwira dzanja mwaulemu ndi manja awiri. Za tsiku lija sitinakambe, ndipo mpaka lero sitinakambepo. Amaimba foni Lamulungu, amafunsa za thupi, za mvula, kenako amati akuthamangira ku masewero. Ndimamva kuti akuchita bwino. Sindinong'oneza bondo, ndikanati ndibwerere pa bwalo paja ndikanamanganso chitenje. Koma zimawawa, ndipo palibe amene anandiuza kuti zidzawawa nthawi yaitali chonchi.

Sizoni ina itayamba, Loweruka lina ndinangopezeka ndatseka nyumba, ndakwera njinga. Pa benchi paja onse awiri analipo. Mu timu munali mnyamata wina watsopano, wamfupi, wothamanga kwambiri koma wotaya mipira, ndipo mkangano unali utayaka kale.

"Uyu ndiye ayi, madala, palibepo kanthu apa," wa jezi ankatero. "Si ngati wamtali uja. Uja ine ndinanena kuyambira tsiku loyamba kuti apita patali."

Telala anangopukusa mutu, n'kundisunthira malo. Anandifunsa za ulendo, za sukulu, za mwana. Kenako anayang'ana pa bwalo, n'kundiyang'ananso ine.

"Nanga lero mwabwera kudzaonera ndani, mama?"

Ndinayang'ana anyamata onse aja mmodzimmodzi. Ndinamuyankha kuti ndangobwera. Ndinakhala mpaka mpira unatha, anthu onse n'kubalalika, chifukwa kunyumba kunalibe woti akandifunse kuti ndachedwa kuti.