Kankhokwe ka Tadala

Ndinanyamuka pa Mponela cha m'ma 7 koloko m'mawa, Lachiwiri lina la mwezi wa Meyi, nditakumbatira mpando wa makatoni ngati khanda. Ine ndimayang'anira kachipatala ka ana ochedwa kukula, ana amene anzawo akamakwawa iwo khosi limakhala lisanalimbe. Timakumana Lachinayi lililonse m'chipinda chimodzi, pamphasa, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi kuphunzitsa amayi mafizo, njira zowongola ndi kulimbitsa ziwalo, oti azikawachititsa ana kunyumba. Mipando yothandiza ana kukhala timapanga tokha, kumata makatoni ndi phala la ufa wa chinangwa, ikauma n'kupaka penti.

Mpando uwu unali wa Tadala, mtsikana wa zaka zitatu wa ku mapiri a ku Ntchisi. Tinamuyeza mu Januwale atangoyamba kukhala yekha kwa kanthawi, ndipo kuchokera pamenepo sanaonekenso. Mwana wotere akangogonekedwa pamphasa miyezi inayi, mawondo amauma ali chipindire, zonse zimene mwavutikira chaka chathunthu n'kuthera pomwepo. Ndinali ndi mantha. Ndisanamenso, ndinali ndi mkwiyo, moti mawu okawauza makolo ake ndinali nditawanola kale.

Pa siteji ndinakwera Sienta ya ku Ntchisi, K5,000 munthu mmodzi. Amene anapanga galimotoyo ankaganizira anthu asanu ndi awiri, koma ife tinakwanamo khumi ndi mmodzi, osawerengera nkhuku. Adalaivala anafuna kuti mpando ukhale kumbuyo, pansi pa matumba a simenti.

"Ndi katoni basi, amayi, siimva kupweteka."

"Katoni imeneyi yatitengera milungu itatu," ndinatero. Ndinaunyamula pamiyendo, njira yonse ndikungoona penti wobiriwira.

Bambo wina wachikulire pambali panga anausuzumira mpandowo kwa nthawi, kenako anafunsa mwaulemu ngati chinali chimbudzi cha ana chamakono. Nditafotokoza, mayi wina kumbuyo anati kwawo kulinso mwana wotero, ndipo anthu amati anamulodza ndi azakhali ake. Ndinamuuza kuti ambiri mwa ana amenewa anavutika pobadwa kapena anadwala malungo aakulu ali akhanda. "Mukawauze amayi ake abwere naye Lachinayi," ndinatero. Mawu amenewa ndimawanena tsiku lililonse, amangotuluka okha.

Cha m'ma 9 koloko ndinatsika pa kamsika kena tisanafike pa boma. Ndinagula zitumbuwa zitatu za K200 chimodzi n'kudyera chiimire, mpando uli pakati pa miyendo kuopa mbuzi. Wakabaza wa njinga yamoto anayamba ndi K7,000, tinamvana pa K5,000 atamva kuti ndine wachipatala komanso ataona kuti kasitomala wina panalibe. Ndinamuuza kuti ndikupita kwa bambo ake a Tadala, aMbewe oluka madengu, iye anati amawadziwa, ndi amene analuka nkhokwe ya apongozi ake.

Msewu wake ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika. M'zigafa munali fodya wa bale ali lendelende, ndipo m'mabwalo anthu ankamenya soya. Tinaoloka mitsinje iwiri pa milatho ya mitengo, pa wachiwiriwo ndinatsika n'kuoloka wapansi chifukwa ndili ndi ana anga oti ndiwalere. Pamene njinga inalephera kukwera, wakabazayo anandilozera kanjira kolowera kuseri kwa phiri, nati andidikira pansi pa mkuyu. Ndinakwera mphindi ngati makumi awiri, mpando uli pamutu. Ndi wopepuka, koma ndinapuma kawiri. Tadala ndi wolemera kuposa mpandowo kangapo.

Ndinafika dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Nabanda, mayi ake a Tadala, anali pakhonde akuyamwitsa khanda la milungu itatu. Mu Januwale ndinaona ndithu kuti ali ndi pakati, koma sindinawerengere miyezi, ndipo mapiriwo ndinali ndisanawakwerepo. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndinafunsa za wakhandayo. Mkwiyo wanga unali utachepa ndi theka, koma theka lotsalalo ndinalitulutsa.

"Chabwino, inu simukanatha kumubereka. Nanga bambo ake sakanabwera naye?"

Nabanda anayang'ana pansi. "Anabwera naye."

Nthawi yomweyo mwamuna wawo, aMbewe, anatulukira kuseri kwa nyumba, mpeni wosendera nsungwi uli m'manja, kumapazi atavala nkhwaira za matayala. Anautula pansi, ananjuta patali pang'ono, n'kundipatsa moni. Ndinawafunsa kuti anabwera liti.

"Mu Febuluwale, amayi, nthawi ya mvula ija. Ndinanyamuka pa njinga kukucha, mwana ndinam'bereka kumsana. Amene munatuluka pakhomo ndinu. Munafunsa kuti mayi ake ali kuti, ine ndinati thupi silili bwino. Ndiye munati akachira abwere naye, chifukwa ndi amene munawaphunzitsa mafizo."

Analankhula mosakwiya, ngati akunena za mtengo wa nsungwi. Ine ndinakumbukira. M'chipinda munali modzaza, amayi akuimba nyimbo yotsegulira, ndipo pakhomo panaima bambo wa thalauza lamatope, mwana atafunditsidwa chitenje kumsana. Nkhope ya mwanayo sindinaiyang'ane. Ndinaganiza kuti akufuna kungotula mwana n'kupita kukazungulira mumsika.

"Bwanji simunandiuze kuti ndi Tadala?"

"Ndinaona ngati ndi lamulo la kumeneko. Munali amayi okhaokha."

Ndinachita manyazi kwambiri. Mawu amene ndinanola njira yonse ndinawameza, ndinangofunsa kuti mwana ali kuti. Mumtima ndinali ndikuona kale mawondo opindika.

Ananditengera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango pamene amalukira. Pakati pa madengu ndi malichero panali kankhokwe kakang'ono kansungwi, kozikidwa bwino pansi ndi zikhomo, ndipo m'kati mwake munali Tadala ataimirira. Kankhokweko kanamulekeza m'chifuwa, m'mbali ataikamo nsanza kuti nsungwi zisamulase. Kutsogolo anamangirira lichero, pamenepo pali zitsekerero za mabotolo zimene mwanayo ankazikankha ndi dzanja. Atandiona anaseka, dovu likutsika pachibwano.

AMbewe anatulutsa kabuku ka kuchipatala. Kumapeto kwake tinamatako pepala la zithunzi, ndipo chithunzi chimodzi ndi cha mwana ataimikidwa m'chipangizo cha matabwa. "Matabwa ndilibe," anatero. "Ndinangoona kuti chikufanana ndi nkhokwe. Zowongola miyendozo amandiuza mayi akewa, iwo atakhala apo ine ndikuchita."

Ndinamutulutsa Tadala n'kumugoneka pamphasa. Ndinayamba ndi bondo lamanzere, linawongoka mpaka kumapeto. Lamanja chimodzimodzi. Ndinapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira pa Mponela. Vuto linali ku zidendene. Mwanayo ankaimira zala, misempha ya kumbuyo kwa mapazi itayamba kuuma, komanso ankamuimika kuyambira m'mawa mpaka masana, zimene n'zochuluka kwambiri. Ndinawauza kuti azimuimika kanthawi kochepa katatu pa tsiku, ndiponso kuti aikemo thabwa laling'ono, ngakhale la pa chitseko chakale, kuti phazi lonse liziponda.

Kenako ndinachita zimene ndikanachita mu Febuluwale. Ndinawakhazika aMbewe pamphasa, n'kuika dzanja lawo pa chidendene cha mwana wawo, langa pamwamba. Amayi ambiri pa tsiku loyamba amakankha mwachangu, mwana n'kulira. Iwowa anakankha pang'onopang'ono, kudikira, n'kuonjezeranso pang'ono. Nditawayamikira anati, "Ndi nsungwi zomwe. Ukaipinda mokakamiza imathyoka."

Mpando wanga wa milungu itatu uja sunagwire ntchito. Tadala anali atakula, chiuno chinakana kulowa. AMbewe anauzungulira, kuuyeza ndi zikhato, nati wansungwi aluka Loweruka lisanafike, bola ndiwasonyeze pamene msana uyenera kutsamira. Nabanda anatipatsa maungu ndi mtedza wophika. Tikudya ndinawapepesa onse awiri, mosazungulira. AMbewe anangoti palibe kanthu, kenako anafunsa funso limene likundiwawabe.

"Ndiye Lachinayi ndibwere naye, kapena ndidikire mayi ake alimbe?"

"Mubwere naye inuyo. Mukalowe mpaka m'kati."

Wakabaza ndinamupeza atagona pansi pa mkuyu paja. Ataona mpando pamutu panga anafunsa ngati aukana, ndinati ayi, wachepa. Pa kamsika paja ndinadikira Sienta ola lathunthu, ndipo pa Mponela ndinafika cha m'ma 5 koloko, fumbi mpaka m'makutu. Ndisanapite kunyumba ndinadzera ku chipatala kukasiya mpandowo. Pachitseko panali pepala limene ndinalemba ndekha zaka zapitazo: "Amayi, vulani nsapato, khalani pamphasa." Ndinali nditasiya kuliona, monga mmene munthu amasiyira kuona mng'alu wa pakhoma la nyumba yake. Ndinalimatula. Ndinaganiziranso mayi wa mu Sienta uja, amene anapita kwawo ndi uthenga woti wobwera ndi mwana akhale amayi ake, ndipo sindinamufunse ngakhale dzina la mudzi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti abambo sabwera ku chipatala chathu. Mmodzi amene anabwera, atapalasa njinga m'matope kudutsa mapiri onse aja, ndinamubweza ndine.

Lachinayi ndinafika molawirira, koma ena anali atalowa kale. Pakhomo panali mapatapata a amayi ali mbwee monga mwa masiku onse, ndipo pakati pake panali nkhwaira zazikulu za matayala, zitaikidwa bwinobwino moyandikana.