Kabelu ka a Teryo

Eleuterio Cagampang, amene tonse m'parishi muno tinkangowatchula kuti a Teryo, anabadwira konkuno pachilumba cha Bohol. Bambo awo anafa ndi mowa, choncho a Teryo ali ndi zaka khumi ndi zinayi analumbira pamaso pa Amayi Maria kuti sadzalawa ngakhale dontho. Chonsecho moyo wawo wonse ankakwera mitengo ya kokonati kukatsitsa uchema wogulitsa.

Kwa zaka makumi awiri anathandiza kugawa Ukaristia, mpaka manja anayamba kunjenjemera. Akangokhala, manja ali phee, koma akati anyamule kapu, khofi yense pamalaya. Lamulungu lina Thupi la Kristu linawapulumuka n'kugwa pansi. Ndikuvomera ndi manyazi kuti nanenso ndinanong'ona nawo kuti mkuluyu wayamba kulawa malonda ake.

Dokotala anawauza kuti ndi manjenje akumtundu, obwera dzanja likamagwira ntchito, ndipo sakupha. Mapiritsi ena sakanamwa chifukwa cha mphumu, ena anayesa koma ankangowodzera nawo.

Mnzawo Dodong anati, "Iwe Teryo, mankhwala uli nawo m'chigubu cha uchemamo! Kakapu kamodzi, manja zii mpaka Misa kutha."

"Ndikudziwa, achimwene," anayankha a Teryo. "Ndiye ndikaime kuguwa manja owongoka, lumbiro lopindika?"

Anasiya kugawa Ukaristia, ndipo zinawawawa. Patapita miyezi anapita kwa bambo mfumu nati, "Bambo, mundipatseko kabelu koliza pa Misa kaja. Dzanjali likugwedezeka kale, lingosowa chogwira." Kuyambira pamenepo kabelu kankalira mokoma kuposa kale lonse. Vuto linali kukaletsa: ankakakhazika pabondo n'kukapanikiza ndi manja onse awiri.

Mwana wawo Marivic anasiya kubwera kutchalitchi atakwanitsa zaka makumi anayi. Kumsika ankabisa manja m'thumba la epuloni. Bambo ake anaona, koma sanamukakamize.

A Teryo anamwalira m'mawa wina wa Lachisanu, korona ili m'manja, atalandira masakramenti. Asanatsirizike anati, "Marivic, mwanawe, munda ndilibe. Ndakusiyira manjawo. Usawabise, apezere ntchito."

Pa Misa ya maliro awo, wansembe atakweza Ukaristia, panadutsa kamphindi tchalitchi chili chete. Kenaka kabelu kanalira, monjenjemera ngati kale. Tinadzutsa mitu, ndipo pamalo pa a Teryo panagwada Marivic.