Ameni wa Achimwene ndi Kompaila Yatsopano

Achimwene anga anali mphunzitsi wa masamu, komanso ndiwo ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu ku Kanyenda. Analemba okha kapulogalamu ka pakompyuta. Ukalembamo do, re, mi, iko kankaimba, soprano payokha, besi payokha, kuti oimba amve pokwera ndi potsika. Nyimbo zonse zimene anapeka zinali m'menemo.

Atamwalira, laputopu yawo sinachedwe kuwatsatira. Kutentha kwa kuno kunyanja sikunyengerera makina. Mwayi wake, zolemba zawo ndinali nditasunga pa fulashi. Koma zolemba zokha siziimba. Pamafunika kompaila, pulogalamu imene imatenga zomwe munthu walemba n'kuzisandutsa chinthu choti makina ayendetse. Ya achimwene inali yamakedzana, ndipo pa laputopu yanga ya kuntchito ku Dwangwa inakaniratu kulowa. Ndinaika yatsopano.

Tsiku la chiliza cha achimwene linali litayandikira. Amayi anali atanena kuti kumandako kukaimbidwe nyimbo imene mwana wawo anapeka bambo atatisiya. Akwaya ankakumbukira soprano yokha, mawu enawo anali atawabalalikira.

Mayo ine, kompaila yatsopanoyo kulongolola kwake! Apa palakwika, apo palakwika. Zimene yakale inkangozilekerera, iyi inkaziloza chala. Ndinapsa mtima. Iwe ndiwe yani wodzudzula munthu ali m'manda? Komanso kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa abale asanakhale pansi. Zovala ndi mabuku amalume anagawa, koma za mizere ya kapulogalamuka panalibe anaganizako. Ndinapita kukapempha chilolezo kwa amayi.

"Konza, mwanangu," anatero. "Koma usamuchotsemo."

Ndinakonza pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba. Pamalo pena achimwene anaiwala kuuza makina kutalika kwa mawu omaliza a nyimbo, ndiye ndi kompaila yakale makinawo ankangotola nambala iliyonse imene apezapo. Ine ndinaikapo yofanana ndi ya mawu ena onse. Kulongolola kunatha, kapulogalamu kanaimba.

Lamulungu mapemphero atatha ndinaika laputopu pa benchi, akwaya atazungulira, amayi atakhala pamkeka. Besi inamveka, azibambo anagwedeza mitu. Alito inamveka, mayi wina analira. Ndiye nyimbo inafika pa Ameni, n'kudukira pomwepo.

"Ayi," anatero amayi. "Ameni wa mwana wanga sathera pamenepo."

Akwaya onse anavomereza. Nyimbo za achimwene zinkathera pa Ameni wautali, wokoka mpaka chifuwa kuwawa, ndipo anthu a m'matchalitchi ena ankatidziwira pamenepo. Ameni ameneyu anabadwira pamalo oiwalika aja: nambala imene makina ankatola inali yaikulu. Kaya achimwene ankadziwa, kaya anangomva makina akukoka iwo n'kuzikonda, sindidzadziwa, wofunsa palibe.

Za kuiwalako sindinawauze amayi. Ndinatsegula mzere uja, ndinafufuta nambala yanga n'kuikapo yokulirapo. Ndinapatsanso kompaila, tinamvetsera.

"Wonjezera," anatero amayi.

Ndinawonjezera.

"Wonjezeranso pang'ono."

Ndinapitiriza mpaka amayi anatsinzina. Kompaila sinadandaule, chifukwa tsopano chinali cholembedwa mwadala.

Kumanda tinaimba mawu onse, dzuwa likuswa mtengo. Pa Ameni tinakoka mmene tinaphunzirira. Mpweya unayamba kutithera mmodzimmodzi, besi, alito, kenaka ine. Amayi anatsala okha akukokabe, dzanja lili pachiliza.