Malo a Galimoto a Mayi Telala

Mayi Telala anakhala m'nyumba ya pansi, chitseko choyamba ukangolowa pageti, zaka khumi ndi zinayi. Ankasoka mayunifomu a sukulu ndi madiresi a akwati pabalaza, ndipo pakamwa pawo sipankasowa mapini. Amuna awo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, aliyense ankangowatcha Ahedi. Sitiroko itawagwetsa, mbali ya kumanzere inafa, moti kuyenda kwawo kunali kokoka mwendo, mkono uli pakhosi pa akazi awo. N'chifukwa chake kagalimoto kawo kokalamba kankaima pakhomo penipeni. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita kuchipatala kukawongola miyendo.

Matendawo anawasiyiranso china. Ahedi sankathanso kudzigwira, ankavala matewera a akuluakulu, ndipo anawalumbiritsa akazi awo kuti nkhaniyi asaimve munthu, ngakhale ana awo.

Mwini nyumbazo anthu ankamutcha a Zikwangwani, chifukwa khoma lililonse analimata lamulo. Osayanika zovala pamasitepe. Osakhoma msomali. Alendo asapitirire atatu. Tsiku lina anabweretsa migolo itatu: wobiriwira wa zotsala zakudya, wabuluu wa mapepala, wachikasu wa mabotolo ndi mapulasitiki. Pamwamba pake chikwangwani: wosakaniza zinyalala katatu alandidwa malo oimikapo galimoto. Kodi zinyalala ndi galimoto zinayamba liti chibale? Aliyense ankadziwa kuti mkamwini wawo wagula chigalimoto chachikulu, ndipo malo a mthunzi pabwalo ponsepo anali amodzi okha, a Mayi Telala.

M'mawa uliwonse a Zikwangwani ankafika ndi magolovesi ndi kawaya kokolera. Munthu wa nyumba zinayi, wa zidzukulu, mutu uli mumgolo, kununkhiza majumbo a anthu. Zochititsa manyazi, koma iwo ankati ndi ukhondo.

Mayi Telala anawafunsa mozungulira kuti zinyalala za wodwala zizitayidwa muti. Anayankhidwa kuti awerenge chikwangwani. Anawerenga, ndipo pa migolo itatuyo panalibe mgolo wa wodwala. Basi, anayamba kukulunga matewerawo m'nyuzipepala, n'kumanga bwinobwino ndi tinsalu totsala posoka, n'kuponya mumgolo wabuluu. Apa ndiye pomwe anadzigwiritsa. Pa nyumba zonsezo ndani wina akanamanga zinyalala ndi lesi ya diresi la mkwati? Kalata yoyamba yochenjeza inabwera, yachiwiri inatsatira. Anayesa kumanyamula mitoloyo kubuti kukataya kuchipatala, mpaka mlonda wa kumeneko anawaletsa. Anasowa mtengo wogwira, nabwerera kumgolo wabuluu.

Loweruka m'mawa a Zikwangwani anaitana onse ochita lendi pabwalo, pafupi ndi zenera la kuchipinda kwa Ahedi. Anayala mitolo itatu pansi, nalengeza kuti pofika Lolemba galimoto ya Mayi Telala izigona kunja kwa geti. Kunja kwa getiko kunali ngalande yoti munthu wamiyendo iwiri amachita kudumpha. Mayi Telala anapempha ndi ulemu wonse kuti akakambirane awiri. Anatchula za kuchipatala, anatchula zaka zomwe akhala pamenepo osayambana ndi munthu. A Zikwangwani anangogogoda mtolo umodzi ndi kawaya kaja, nati ngati mayiwa akuona kuti alakwiridwa, anene pamaso pa anzawo kuti m'katimo muli pepala lanji lolemera chonchi.

Mtima uli ndi malire. Mayi Telala analavula mapini m'dzanja, anawerama, n'kumasula okha mtolowo.

“Onani, bambo. Onetsetsani, popeza mumakonda kuona. Awa ndi matewera a amuna anga. Ana anu awiri anaphunzira kulemba dzina m'manja mwa munthu ameneyu. Ndiuzeni tsopano, ndi chakudya, ndi pepala kapena ndi botolo? Mundiuze mgolo wake ndikaponye ndekha.”

Kenako anamwino a m'nyumba ya pamwamba anayamba kukalipa, amakaniko ochita lendi pomwepo n'kulandira, ndipo a Zikwangwani anamva mawu omwe sanalembedwepo pakhoma lililonse. Wina anawakumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amakaniko anati galimoto ya amayiwa ikangotuluka, iwonso akutuluka ndi katundu yemwe. A Zikwangwani anavula magolovesi, nang'ung'udza kuti lamulo lili ndi popumira, malowo akhale momwe analili.

Anthu anawagwira chanza Mayi Telala kuti awina mlandu. Iwo atacheuka anaona kuti zenera la kuchipinda linali lotsekula.

Ahedi anali atamva zonse. Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Lamlungu anansi anayamba kugogoda ndi nkhope zachisoni, wina atanyamula paketi ya matewera m'manja osaikulunga n'komwe. Lolemba a Zikwangwani, pofuna kuoneka munthu, anabweretsa mgolo wachinayi, wofiira, nauimika pakhomo pa Mayi Telala. Anaumata chikwangwani cha zilembo zazikulu zoti aliyense wolowa pageti awerenge: MATEWERA A ODWALA. Chifundo cha chitsiru chimapweteka kuposa nkhanza zake.

Lachiwiri Mayi Telala analiza galimoto kuti injini itenthe, anatsekula chitseko chakutsogolo, nakankhira mpando kumbuyo kuti mwendo wouma uja ukwane. Pamasitepe panali anthu awiri atatu okonzekera kuthandiza. Mayi Telala atalowa kuchipinda anapeza Ahedi atakhala pabedi, nsapato zili pambali, akuyang'ana khoma. Anagwada kuti awaveke, koma Ahedi anabweza phazi.

“Abambo, tichedwa. Galimoto ili pakhomo pomwe.”

“Ndamva kuti malowo mwawina, mayi,” anatero Ahedi motsitsa mawu. “Kazimitseni. Ine pabwalo apo sindidzapondaponso.”