Dzanja la Mayi Savariammal, Limene Munalikana

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi yathu za moyo wa mayi Savariammal, amene anatisiya mwezi wathawu. Ndavomera, koma sindipsatira mawu, chifukwa ambiri mwa inu amene mukuwatcha oyera lero simunkawalola ngakhale kuponda pakhonde panu.

Mayi Savariammal anabadwira kumsewu wakumunsi, kwathu kwa ife amene makolo athu ankasenda zikopa ndi kuimba ng'oma pamaliro a eni minda. Ubatizo ndi umodzi, koma m'tchalitchi ankakhala pansi kumbuyo, ndipo Ukaristia ankalandira a kumsewu wakumtunda onse atatha. Asisitere ataona nzeru zawo anawatumiza ku mzinda wa Madurai kukaphunzira unamwino. Anzawo anapita kukagwira ntchito kunja, iwo anabwerera kudzakhala namwino wa sukulu ya parishi, ndipo sanakwatiwe. Tsiku ankaliyamba ndi Misa, kenako nkumatsuka zilonda za ana anu, amene munkawasambitsa akafika kunyumba, ati kuchotsa dzanja la wakumunsi. Ife tikapsa mtima, iwo ankangoti, "Bala silifunsa kuti wolitsuka wachokera msewu uti."

M'chikwama chawo simunkasowa jekeseni wa adirenalini, wopulumutsa mwana amene thupi lake ladana ndi chakudya mpaka kubanika. Pa chikondwerero cha Antonio Woyera, ana asukulu anagawiridwa maswiti a mtedza. Punitha, mwana wa a Periyanayagam, mkulu wa bungwe la parishi, atangodya anatupa milomo ndi maso, mpweya nkumalira pakhosi. Azakhali ake anamunyamula kukamuika pamapazi a chifanizo cha woyerayo, nkuyamba kumukanula kukamwa kuti amumwetse mafuta odalitsidwa, monga timachitira ndi odwala.

Mayi Savariammal anafika akuthamanga. "Musamumwetse, mumutsamwitsa! Mgonekeni pansi."

"Iwe, usamukhudze!" anakuwa azakhaliwo. "Bambo ake akubwera ndi galimoto."

"Adzapeza maliro, mayi. Inu pempherani, ine ndibaye."

Anakweza siketi ya mwanayo khamu lonse likuona, nkumubaya pantchafu. Posakhalitsa Punitha anakoka mpweya, nayamba kulira. Kuchipatala adokotala ananena poyera kuti popanda jekeseniyo mwana akanafera panjira.

Mukuganiza kuti anawathokoza? M'mawa mwake a Periyanayagam anawaimika pabwalo la sukulu, pamaso pa aphunzitsi.

"Iwe, kumuvula mwana wanga pagulu? Ndi manja akowo? Adzamukwatira ndani tsopano?"

"Bwana, wakufa sakwatiwa," anayankha motsitsa mawu.

Bungwe linawachotsa ntchito, ati anabaya mwana popanda kufunsa makolo. Banjalo linakayatsa kandulo yotalika ngati mwanayo, likulengeza kuti amuchiritsa ndi mafuta. Mpaka lero ndikakumbukira kanduloyo ndimanyansidwa. Mayiwa sanakasume kulikonse. Anangopempha aphunzitsi awiri kuti awaonetse kabayidwe ka jekeseniyo asanachoke, ndipo mmodzi anakana kulandira chinthucho kuchokera m'manja mwawo.

Zaka zotsatira anazithera kumsewu kwathu, akubereketsa amayi, kumanga mabala ndi kusambitsa maliro. Misa sanaijombe, ngakhale maso atayamba kuchita khungu.

Atagona pamphasa osadzukanso, tinaona mayi wovala sari, nsalu yodzikulunga yasilika, akulowa mumsewu wathu, kumene akumtunda safika. Anagwada pambali pawo.

"Amayi, ndine Punitha."

"Jekeseni wako wanyamula?"

"Ali m'chikwamamu, amayi."

"Wachita bwino, mwanawe. Mupatseni tiyi."

Punitha anamwa tiyiyo m'kapu yathu, misozi ikugwera momwemo. Masana ake mayi Savariammal analandira sakramenti la odwala, ndipo anatsirizika mwakachetechete korona ali m'manja.

Ngolo ya parishi yonyamulira maliro munatikaniza, paja makiyi amasunga a Periyanayagam. Tinawanyamula pamapewa kupita nawo kuseri kwa khoma limene limagawa manda athu ndi anu. Punitha anayenda nafe. Pachipata bambo ake, ndodo ili m'manja, anakalipa:

"Bwerera kuno! Ukuchititsa manyazi banja!"

"Bambo, mpweya umene ndikukuyankhiraniwu anandipatsa ndi mayiwa," anatero Punitha, nalowa mbali yathu kukaponya dothi m'manda.

Chitsanzo chimene atisiyira nchosavuta kumva: mwana akamabanika, thamanga, usafunse kuti ndi wa ndani. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, kuwala kosatha kuwawalire. Koma inu akumtunda, akupempherereni ena. Ine mtima wa mayi Savariammal ndilibe.