Timapiritsi tachikasu m'phala la amayi

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kugona. Ndinali nditatsamira khoma pafupi ndi bokosi la amayi, miyendo itachita dzanzi. Azimayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka kusasa mawu. Panja chiperoni chinali chitatsika, phiri osaoneka n'komwe, azibambo ataunjikana pamoto.

Amayi anadwala matenda oiwalaiwala. Ankasokoneza mayina athu, ankasochera panjira ya kudimba imene anayendamo moyo wawo wonse. Ine ndimagwira ntchito ku Blantyre, ndiye ndinawatengera kuchipatala kumeneko, pamodzi ndi achemwali anga aakulu amene ankakhala nawo pakhomo. Adokotala anapereka mankhwala n'kutichenjeza tonse awiri kuti tisadzawapatse timapiritsi ta ziwengo togonetsa tija. Anati timalimbana ndi mankhwalawo, timasokoneza mutu wa munthu wokalamba, ndiponso angamagwe. Achemwali anagwedeza mutu kuvomera. Ndinawaona ndi maso angawa.

Poyamba zinayenda, amayi ankandizindikira pafoni. Kenaka anangolowa pansi. Tsiku lina m'mawa anagwa popita kuchimbudzi, n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo sanadzukenso. Chifikireni pamaliro ndinkamva manong'onong'o akuti mankhwala anga a m'tauni ndi amene anawamaliza. Nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira, ndipo zinkandidya mumtima.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa kabaza kuchokera ku Nkando, ena wapansi kuchokera ku Thuchila, anzawo a amayi amene ankathyola nawo tiyi kalekale akuyendera ndodo. Kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Ndinapita kumeneko kukakhala pang'ono, m'nyumba munali mutandithina.

Ndikusankha nandolo, mayi wina wa tsidya la mtsinje anakhala pambali panga n'kundipepesa. Atatero anandifunsa ngati ndikudziwa golosale imene achemwali ankagulako timapiritsi tachikasu tija, chifukwa apongozi ake nawonso ayamba kuyendayenda usiku. Ndinamufunsa kuti titi. Anadabwa kuti sindikudziwa. Anati ta ziwengo, achemwali ankasinja tiwiri n'kuthira m'phala madzulo aliwonse, gogo n'kugona ngati mwana. Azimayi ena awiri anavomereza, wina mpaka kuyamikira nzeruzo. Mudzi wonse unkadziwa. Wopusa ndinali ine, amene mwezi ndi mwezi ndinkakhala pamzere kuchipatala n'kutumiza mankhwala pa minibasi.

Lichero linandigwa m'manja. Ndinawerama n'kuyamba kutola nandolo, pamaliro sitikangana.

Nthawi ya zoyankhula itakwana, amalume anaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera. Anati banja linayesetsa, koma mankhwala ochokera m'tauni sanawayanje malemu, chiyambireni kumwa anangofookerafookera. Anathokoza achemwali chifukwa chosamala mayi wawo usana ndi usiku. Anthu anang'ung'udza movomereza, maso ambiri n'kutembenukira kwa ine. Ndinayang'ana achemwali kudikira kuti mwina adzutsa mutu. Anangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Njira ya kumanda inali matope okhaokha, onyamula bokosi akusinthana mosamala, nyimbo ikuyambira kutsogolo n'kufika kumbuyo mochedwa. Adzukulu okumba manda atakwirira, anaitana ana a malemu kuti tiike nkhata. Inali imodzi, ya tonse awiri. Tinaigwira uku ndi uku, zala zathu n'kukhudzana, ndipo ine ndinachotsa zanga msanga. Anthu ankati ndikulira amayi. Ndinkalira amayi, inde, koma ndinkaliranso ndi ukali.

Madzulo anthu anabalalika, kunangotsala phulusa ndi mabenchi a kutchalitchi. Ndinawapeza achemwali m'chipinda cha amayi akupinda zovala. Ndinatseka chitseko n'kuwafunsa za phala lija. Sanakane. Anati amayi ankatuluka usiku osavala n'kukagogoda m'makomo mwa anthu, ndipo anyamata ena anali atayamba kunena kuti ndi mfiti, tsiku lina adzawaphwanya ndi miyala. Anati iwo sankagona, pamene ine ndinkagona bwinobwino ku Blantyre n'kumaimba foni Lamulungu.

Zimenezo zinandilasa, chifukwa zinali zoona. Sindine dokotala, sindinganene kuti timapiritsito ndi timene tinawagwetsa amayi. Akanandiuza, tikanabwerera kuchipatala kukafunsa chochita. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri chinali china.

"Achemwali, amalume akunena zija inu munali pomwepo. Anthu onse aja apita kwawo akudziwa kuti ndapha amayi ndine. Bwanji simunanene?"

Anamaliza kupinda nsalu imene inali m'manja mwawo, n'kuiika pamwamba pa zinzake.

"Iwe mawa ukwera minibasi," anatero. "Ine nditsala ndi anthu amenewa."

Anatuluka kukatsuka mapoto. Ndinakhala pamphasa ya amayi mpaka mdima unalowa, m'nyumba muli zii, ndikungomva mchenga ukukwecha poto kuseri. Sindinapite kukawathandiza, ndipo iwo sanandiitane.